Mtembo wa a Pitseng Gaoberekwe unadikira zaka zitatu

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndinenepo za Asani a ku Botswana, omwe kumeneko amawatcha Basarwa. Nkhani yawo siimveka kawirikawiri pa wailesi zathu.

Mu Disembala 2021 anamwalira mkulu wina wa mtunduwu, a Pitseng Gaoberekwe. Asanatisiye anauza ana awo kuti akawaike ku Metsiamanong, mudzi wa makolo awo womwe uli m'kati mwa nkhalango yotetezera nyama ya Central Kalahari Game Reserve. Boma linakana. Nkhani inafika kukhoti, ana osaphula kanthu. Anakachita apilo, nakonso anagonja. Mtembo unagona kumochale zaka zitatu, ndipo unakalowa m'manda mu Disembala 2024, boma latsopano la a Duma Boko litavomera.

Taganizani, a Mkonzi. Kwathu kuno maliro akangochedwa masiku ochepa podikira wachibale wochokera ku Joni, mudzi wonse umasowa mtendere. Nanga anamfedwa odikira zaka zitatu, osaponya dothi pamanda a bambo awo, anagona bwanji? Ine ndikaganiza za ana amenewa mtima umandiwawa.

Vutoli ndi lakale. Mu 1997 ndi 2002 boma linasamutsa Asani ambiri m'nkhalangoyi n'kukawaika kumalo monga New Xade, kunja kwa nkhalangoyo, likunena kuti likuteteza nyama ndiponso likuwasendeza kufupi ndi sukulu ndi zipatala. Mjigo wa ku Mothomelo, mudzi wina wa m'nkhalangomo, unatsekedwa. Mu 2006 khoti lalikulu, pamlandu womwe anasuma a Roy Sesana, mtsogoleri wina wa Asani, ndi anzawo, linagamula kuti kusamutsako kunali kophwanya malamulo. Koma boma linati chigamulocho n'cha okhawo omwe mayina awo anali pamlanduwo; ena onse azitenga chilolezo polowa kwawo komwe. Ufulu wotunga madzi pamjigo uja anachita kuupezanso kukhoti mu 2011. Pofika 2014, mgodi wa dayamondi unatsegulidwa ku Gope, m'nkhalango yomweyo. Ngati makina okumba mgodi saopseza nyama, manda a nkhalamba imodzi akanaziopseza bwanji?

Ndikulemba ndili ku Dedza, kufupi ndi Chongoni, komwe kuli zojambula zofiira pamiyala zomwe anasiya Akafula, anthu omwe makolo athu anawapeza m'dziko lino. Bungwe la UNESCO linaika malowa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Pazaka zomwe ndinaphunzitsa ku pulayimale, ana ankawadziwa Akafula ndi nthano ya "mwandionera pati" basi, n'kumaseka kufupika kwawo. Za komwe anthuwa anathera, panalibe wofunsa.

Asani alipobe, akulankhula zinenero zawo, ndipo dziko lawo ndi limodzi nafe mu SADC. Pempho langa n'lakuti atolankhani anu azitsata nkhani yawo ndi kutiuza m'Chichewa ngati zilolezo zija zathetsedwa, komanso ngati omwe ali ku New Xade akuloledwa kubwerera kwawo ndi ana awo.

Mphunzitsi wopuma,
Dedza