Lipoti la msonkhano wa khansa ndi chitetezo cha m'thupi

A Wapampando ndi anamwino anzanga nonse, zikomo pondituma. Nkhani zinalipo zambiri, koma ndakutengerani imodzi yomwe inandigwira mtima: n'chifukwa chiyani asilikali a m'thupi amangochiyang'ana chotupa cha khansa chikukula?

Adokotala omwe anatsogolera zokambiranazi anati thupi limawaona ndithu maselo osokonekera, ndipo ambiri limawapha ife osadziwa n'komwe. Omwe amapulumuka ndi aja odziwa kubisala. Ena amachotsa chizindikiro chotchedwa MHC, chomwe asilikali a mtundu wa T amawadziwira nacho. Ena amaitana maselo ofooketsa chitetezo kuti azinge chotupacho. Koma pomwe tinakhalitsa m'pa nkhani ya buleki. Msilikali wa T ali ndi buleki yotchedwa PD-1, yomwe imamuletsa kuukira thupi lake lomwe. Chotupa chimapanga chinthu chotchedwa PD-L1, chomwe chimaponda buleki ija. Anationetsa chithunzi cha kachidutswa ka chotupa pa maikulosikopu: asilikali ali mbwee m'mphepete monse, afika kale pamalopo, koma manja ali lende. Chinandiwawa kuchiona.

PD-1 anaitulukira Tasuku Honjo wa ku Japan mu 1992. James Allison wa ku America anafufuza buleki ina, CTLA-4, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2018. Kafukufuku wawo ndiye anabala mankhwala omasula bulekizi: ipilimumab analoledwa ku America mu 2011, pembrolizumab ndi nivolumab mu 2014. Amaperekedwa pa diripi. Odwala ena a khansa ya pakhungu ya melanoma, yomwe ikafalikira inkapha msanga, akhala ndi moyo zaka zambiri. Pembrolizumab tsopano akuthandizanso amayi ena a khansa ya khomo la chiberekero, ndipo apa m'pamene ndinatchera khutu kwambiri.

Anakambakonso za CAR-T, njira yotenga asilikali m'magazi a wodwala, kuwasintha ku labotale n'kuwabwezera. Inaloledwa mu 2017 pa khansa zina za m'magazi.

Musaganize kuti yankho lapezeka. Odwala ambiri mankhwalawa sawagwira, ndipo mtengo wake ndi woboola m'thumba ngakhale kumayiko olemera. Komanso buleki ikamasuka, asilikali amatha kuukira matumbo, mapapo kapena chithokomiro. Wodwala wotere akayamba kutsegula m'mimba kapena kubanika, si wongomupatsa Thanzi n'kumubweza kunyumba ayi.

Ine ndikuona kuti nkhaniyi si yachilendo kwa ife. Tonse taonapo madontho a khansa ya Kaposi akuzimirira munthu akakhazikika pa ma ARV. Chimenecho ndi chitetezo chikubwerera pantchito. N'chifukwa chake ndikupempha kuti pamsonkhano wathu wotsatira tigwirizane zinthu ziwiri: momwe tingalondolere odwala khansa omwe asiya ma ARV, ndi momwe tingafikire makolo omwe akukayikirabe katemera wa atsikana awo wa HPV, kachirombo koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero. Chithunzi chija ndibwera nacho kuti mudzadzionere nokha.