Lipoti la msonkhano wa mafilimu akale, kwa gulu lathu la ku Mabvuku ndi Tafara

A Pampando, a Mlembi, a Msungichuma, makolo athu ndi mamembala nonse, nali lipoti la msonkhano umene munandituma m'tauni, wa magulu amene amaonetsa mafilimu akale m'maholo ndi m'matchalitchi a mu Harare muno. Malisiti a kombi ndi a chakudya ali kale kwa a Msungichuma, wofuna kuwaona akawaone. Ndayambira pamenepa chifukwa ndamva kuti ena akuti ndalama ya gulu yathera kokaonera kanema. Werengani kaye, muweruze pambuyo.

Malonje ndi zokamba za akuluakulu zinadya m'mawa wonse, mulibe chotikhudza. Gawo la kupempha thandizo la ndalama linali la magulu olembetsedwa kuboma, ife sitinafikepo.

Chimene ndikufuna tikhalirepo pansi ndi filimu ya ku Senegal yotchedwa Mandabi, imene Ousmane Sembène anatulutsa mu 1968. Inalandira mphoto ku Venice chaka chomwecho, ndipo anthu ake amalankhula Chiwolofu, chilankhulo cha kwawo. Nkhani yake ndi ya Ibrahima Dieng, bambo wa mitala wa ku Dakar, paulova, amene mphwake wosesa misewu ku Paris wamutumizira ma franc 25,000 kudzera kupositi. Zambiri mwa ndalamazo si zake n'komwe, zina n'za mayi a mnyamatayo, zina n'zoti amusungire. Kupositi akumuuza kuti aonetse chitupa. Chitupa alibe. Kuti apeze chitupa pakufunika kalata ya kubadwa ndi zithunzi, koma iye tsiku lenileni limene anabadwa salidziwa, ndipo wojambula zithunzi akungomudyera ndalama. Uku kunyumba mbiri yawanda kale, akazi ake atenga mpunga pangongole, anansi akubwera mmodzimmodzi kudzadandaula mavuto awo. Ndalama isanafike m'manja, munthu wamira kale m'ngongole. Mathero ake sindinena, mudzaone nokha.

Makolo athu, ndani pano alibe m'bale amene chitupa chake chinalembedwa kuti Alien, kutanthauza mlendo? Agogo athu anachoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi opanda pepala lililonse la kubadwa, ndipo vutolo latsikira kwa ana ndi adzukulu. Malamulo oyendetsera dziko a mu 2013, pa ndime 43, amati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC ndipo munthuyo ankakhala konkuno pa nthawiyo, ndi nzika yobadwa. Komabe tonse tikudziwa anthu amene mpaka lero akuzungulira m'maofesi. Filimu imeneyi ikatha, anthu sadzadzuka msanga pamipando, ndipo ndi pomwepo pamene komiti yathu yoona za mapepala ingalembe mayina a ofuna thandizo.

Filimu ina yoyenera matchona ngati ife ndi Come Back, Africa ya mu 1959. Lionel Rogosin anaijambula mozemba ku Johannesburg ndi ku Sophiatown, akuluakulu a boma la tsankho akuganiza kuti akujambula zoimbaimba. Ikutsata bambo wochokera kumudzi amene akuchotsedwa ntchito uku ndi uku chifukwa cha pasi, chiphaso chimene anthu akuda ankayenera kuyenda nacho, ndipo Miriam Makeba akuimbamo ali mtsikana, m'shabini. Amene abambo awo anapita ku Joni ndi Wenela adzaona zikepe za mumgodi ndi nyali zapachipewa zimene ankangozimva m'nkhani.

Tsopano pa chigamulo cha msonkhano. Anagwirizana kuti magulu onse ayambe ndi mafilimu a mu Zimbabwe, ndipo akunja aonetsedwe ndi mawu olembedwa pansi. Mbali yoyambayo sindikuikana kwenikweni, bola tisabwerere ku Neria, imene ngakhale mwana amaidziwa pamtima. Zilipo zoiwalika. Kini and Adams ya mu 1997 anaijambula konkuno Idrissa Ouédraogo wa ku Burkina Faso, nkhani ya abwenzi awiri amene akukonza chiphakasa cha galimoto kuti chiwatengere kutauni. Flame ya Ingrid Sinclair, ya mu 1996, ikunena za atsikana awiri olowa nkhondo ya ufulu, ndipo apolisi anailandapo isanamalizidwe. Imeneyi si ya ana, muli zogwiririra. Everyone's Child ya Tsitsi Dangarembga, ya chaka chomwecho, ndi ya ana amasiye, ndipo More Time ya mu 1993 ingathandize achinyamata athu.

Mbali yachiwiriyo ndiyo ndinaitsutsa, ndipo ndikuitsutsabe. Anatiphunzitsa bwino ndithu kalembedwe ka mawu apansi: fayilo ya SRT imene imasunga mawuwo ndi nthawi yake, pulogalamu yaulere ya Subtitle Edit, mizere isapose iwiri, mzere uliwonse zilembo pafupifupi 42, mawu akhale pakanema masekondi osaposa 6. Anatichenjezanso kuti ngati mawu analembedwera filimu yoyenda zithunzi 24 pa sekondi koma yanu ikuyenda 25, poyamba zimagwirizana, koma pofika pakati mawu amakhala atatsalira kutali. Zonsezo n'zoona. Koma Chichewa chili ndi mawu aatali, chiganizo chimodzi chimadzaza mizere yonse iwiri, ndipo amayi athu achikulire ambiri sangawerenge pa liwiro limenelo usiku, ali kumbuyo kwa holo. Adzukulu nawonso ambiri amawerenga Chishona ndi Chingerezi, Chichewa amangomva. Ndiye tikulembera yani?

Ife tikufunika wofotokoza, munthu wamoyo ali ndi maikolofoni. Si zachilendo. Central African Film Unit, imene inkagwira ntchito kuchokera mu mzinda uno kuyambira 1948 mpaka 1963, inkapanga mafilimu a 16mm a ku Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ambiri oyambirira opanda mawu, ndipo galimoto ikafika pamudzi womasulira ndiye ankafotokoza pa chimkuzamawu m'chilankhulo cha anthuwo. Kuti ziyende bwino, wofotokoza aonere filimuyo kawiri tsiku lisanafike, alembe papepala mayina a anthu ndi mphindi imene chochitika chilichonse chikuyamba. Alankhule mwachidule munthu wa m'filimu akangomaliza, pa nyimbo akhale chete. Pafunika kamikisa ka njira ziwiri, ina ya filimu ina ya maikolofoni, kuti mawu a filimu atsitsidwe pang'ono iye akamalankhula. Akhale kumbuyo kwa masipika, chifukwa akakhala kutsogolo kwake maikolofoni imatola mawu ake omwe n'kuyamba kulira. Ndipo asakhale wothira nthabwala zake ngati anyamata omasulira mafilimu a karate kumudzi, Mandabi ili ndi zoseketsa zake kale.

Mafilimu a Central African Film Unit aja ambiri akusungidwa ku National Archives of Zimbabwe pa Borrowdale Road. Anapangidwa ndi atsamunda pofuna kuphunzitsa munthu wakuda kumvera, zimenezo tisabise. Koma m'zithunzimo muli midzi, zovala ndi nkhope za nthawi ya agogo athu. A Mlembi alembe kalata yofunsa ngati muli ena ojambulidwa ku Nyasaland amene tingaloledwe kuwaona.

Gawo la kasungidwe linandiwawa mtima chifukwa cha matepi athu. Anationetsa chitini cha filimu yowola, atangotsegula fungo la viniga linadzaza chipinda, filimuyo itakwinyika m'mphepete moti singalowenso m'makina. Zimachitika filimu ya pulasitiki yotchedwa acetate ikakhala pofunda ndi pachinyezi, ndipo asidi wotulukayo amafulumizitsa kuwola kwa zitini zoyandikana nazo, n'chifukwa chake yonunkha imapatulidwa msanga. Matepi a VHS mdani wake ndi nkhungu. Mukaona zoyera ngati ufa pawindo la kaseti, musaiike m'makina, imadetsa mitu ya makinawo n'kupatsira tepi yotsatira. Tepi isungidwe choimirira, itabwezedwa poyambira, kutali ndi masipika chifukwa maginito amafufuta zithunzi. Yabwinobwino iseweredwe kamodzi kokha, ikujambulidwira mu kompyuta kudzera pa kachipangizo ka USB, pa PAL (mtundu wa kanema umene matepi a kuno amagwiritsa ntchito), ndipo fayiloyo ikhale malo awiri osiyana.

Nanga matepi athu a gule wamkulu, a beni ndi a maukwati a m'zaka za m'ma 1990 ali kuti? Ali m'thilanki yachitsulo pansi pa denga lotentha, momwe akhalira chiyambire pamene tinapempha kuti asamutsidwe. Nkhaniyi inalowa m'maminitsi, kenako inafera momwemo, pamene ndalama ya mayunifolomu inavomerezedwa tsiku limodzi. Ena mwa akuluakulu ovina ndi oimba m'matepimo tinawaika kale m'manda, kwina kulibe kumene mawu awo anajambulidwa. Sindikuloza munthu chala, koma kiyi wa thilankiyo abwere pamsonkhano wa mwezi uno. Za gule, akuluakulu a kudambwe ndiwo anene zoyenera kuonetsedwa pagulu ndi zosayenera, ife tingopulumutsa matepiwo.

Pa zipangizo, pulojekita ya ma lumen 3,000 (muyeso wa kuwala kwake) ikwanira holo ya tchalitchi ngati mawindo atchingidwa. Nsalu yoyera yokokedwa bwino kapena khoma lopaka laimu zikwanira, sikirini yogula si yofunika. Choopsa ndi magetsi. Akazima mwadzidzidzi fani imaima babu likadali lotentha, ndipo babulo silikhalitsa. Choncho pulojekita izidyera ku inveta ndi batire, ndipo pozimitsa tidikire fani isiye yokha tisanazule pulagi. Sipika tili nayo imodzi, inzake inabwerekedwa kumaliro chaka chatha ndipo sinabwerere. Amene ali nayo akudzidziwa, aibweze mwaulemu.

Chomaliza ndi chilolezo. Kugula DVD kapena kukopera filimu pa intaneti sikupatsa munthu ufulu woionetsa pagulu, ngakhale pakhomo pasalipiridwe. Tiyenera kulembera eni filimu, ndipo tifunsenso ku Board of Censors, bungwe la boma lounika mafilimu, zimene lamulo likufuna tisanaitane anthu. Ena pamsonkhanowo amati m'makomboni palibe amene amafunsa. Ine sindikufuna dzina la gulu lathu lidzamveke kupolisi chifukwa cha kanema, mapepala a anthu athu ali kale movuta.

Ndikupempha kuti pamsonkhano wa mwezi uno tivote pa zinthu izi: tiyambe ndi Mandabi chilolezo chikangopezeka, tisankhe ofotokoza awiri, mmodzi wamkazi, amene amalankhula bwino Chichewa ndi Chishona, ndipo thilanki itsegulidwe pamaso pa komiti kuti matepi awerengedwe ndi kulembedwa. Olemba makalata opempha chilolezo ndadzipereka kukhala mmodzi wa iwo, ndipo mapepala onse amene tinalandira kumsonkhano ndawasiya kwa a Mlembi.