Kuthokoza chifukwa chondikonzera Wi-Fi ya laputopu

Kwa Mkulu wa Dipatimenti Yothandiza Makasitomala,

Bwana,

Ndalemba kalatayi pofuna kuthokoza kampani yanu, makamaka mayi amene anandilandira pa desiki yokonzera makompyuta. Chonde muwauze kuti laputopu ija tsopano ikugwira ntchito bwinobwino.

Vuto linali loti intaneti pa laputopu inkayenda ngati kamba, pomwe foni yanga, yolumikizidwa ku rauta (kabokosi kofalitsa Wi-Fi) yomweyo komanso ili patebulo lomwelo, inkatsegula mavidiyo osadukiza. Ena amene ndinawafunsa ankangoti gulani rauta ina, ena n'kumati makinawo akalamba. Mayiwa sanafulumire kundigulitsa kanthu. Anayamba ndi kulumikiza laputopuyo ndi waya, ndipo intaneti inathamanga. Apo anandiuza kuti vuto lili pa kachipangizo ka Wi-Fi ka m'kati mwa makinawo kapena pa driver yake, pulogalamu imene imalamulira kachipangizoko.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri n'choti ankandionetsa zonse pasikirini. Liwiro la pakati pa laputopu ndi rauta linkaonetsa 72 Mbps (muyezo wa liwiro la netiweki) basi. Anafotokoza kuti nambala imeneyi imaoneka kawirikawiri makina akagwira netiweki ya 2.4 GHz, yomwe imakhala yothithikana chifukwa marauta a anthu oyandikana nawo, Bluetooth ngakhalenso ma microwave amagwiritsa ntchito mafunde omwewo. Kachipangizo kanga n'ka mtundu wa 802.11ac, kotha kugwira netiweki yothamanga kwambiri ya 5 GHz, koma kankangokakamira pa 2.4. Atatsegula Device Manager, malo oonetsa zipangizo za m'kompyuta, pansi pa Network adapters, anapeza kuti driver inali yakalekale. Anaichotsa n'kuikamo yatsopano yochokera kwa opanga kachipangizoko. Kenako anasintha Preferred Band, malo osankhira mafunde, kuti laputopu izisankha 5 GHz, n'kuchotsa kachizindikiro kamene kamalola kompyuta kuzimitsa Wi-Fi pofuna kusunga batire. Kachizindikiro kameneka, kakang'ono choncho, ndi kamene kankachititsa kuti intaneti izidukaduka ndikazula chaja.

Sanalekere pomwepo. Anatsegula chivundikiro cha pansi n'kundionetsa timawaya tiwiri tating'ono kwambiri, kena kakuda kena koyera, tochokera ku ma antena amene ali m'mphepete mwa sikirini. Anati kamodzi kakangosomphoka, Wi-Fi imagwirabe koma mofooka, ndipo munthu amatha kusintha ma driver mpaka kutopa osadziwa gwero la vuto. Tanga tinali tolimba, koma anatikanikizabe pang'ono asanatseke. Atayatsa, nambala ija inafika pa 866 Mbps. Anandichenjeza kuti limeneli ndi liwiro la pakati pa laputopu ndi rauta chabe, intaneti yeniyeni siingapose zimene ndimalipira kwa kampani yondipatsa intaneti. Anandiuzanso kuti 5 GHz siipyola bwino makoma, choncho ndikapita kuchipinda chakutali ndisadabwe liwiro likatsika.

Kunena zoona, akanangonena kuti kachipangizoko kapsa, ine ndikanakhulupirira n'kugula kena. Okonza ambiri safuna kasitomala aziona zimene akuchita, mwina poopa kuti mawa adzakonza yekha. Mayiwa anachita kundilembera papepala nambala ya driver imene aikamo, ndi momwe ndingabwererere ku driver imeneyi pogwiritsa ntchito batani la Roll Back Driver ngati ina yatsopano itadzabweretsa mavuto.

Ngati kampani yanu ili ndi njira yoyamikirira antchito ake, dzina la mayiwa lisasowepo. Zikomo kwambiri.

Ine wanu,
Kasitomala wanu wokhutira