Ovulala msana asamafe ndi zinthu zopeweka

Akonzi,

Tiloleni tilankhulepo za abale athu omwe anavulala msana, kaya pa ngozi ya kabaza kaya pogwa mumtengo wa mango, miyendo n'kufa. Akatuluka m'chipatala n'kubwerera kumudzi, chimene chimawapha kawirikawiri si fupa lothyokalo ayi, koma zilonda ndi matenda a m'chikhodzodzo. Zonsezi alangizi a zaumoyo ndi zipatala zazing'ono angathe kuzitchingira.

Chilonda chimayamba pomwe fupa latsamira nthawi yaitali, magazi osafikapo: pamatako, m'chiuno, pachidendene. Mwiniwake samva kuwawa. Wogona azitembenuzidwa maola awiri alionse, ndi usiku womwe, ndipo wa pa njinga ya olumala azidzinyamula kapena kuweramira kutsogolo mphindi 30 zisanathe. Khungu liziunikidwa m'mawa ndi madzulo. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, choncho papasani ndi dzanja. Malo otentha, olimba kapena odera asagonerepo mpaka atachira, ndipo musawatikite. Mbaula ikhale patali ndi mapazi, poti angapse osamva.

Woika yekha kapaipi ka mkodzo asambe m'manja ndi sopo, azitulutsa pa maola 4 mpaka 6 alionse, mkodzo usapitirire mamililita 500 nthawi imodzi. Ambiri amadzimana madzi poopa kudzinyowetsa, komatu apa ndi pomwe matenda amapezera mpata. Malita awiri patsiku ndi abwino.

Chomwe chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi. Munthu wovulala kuyambira pakati pa chifuwa kukwera m'khosi, pa fupa la msana lotchedwa T6 kapena pamwamba pake, BP yake imatha kukwera mwadzidzidzi chikhodzodzo chikadzaza, kapaipi kakapindika kapena akadzimbidwa. Mutu umawawa ngati ukung'ambika, thukuta kamukamu kumaso, mphuno kutseka. Musamugoneke! Mukhazikeni tsonga, miyendo pansi, masulani lamba ndi zovala zothina, wongolani kapaipi kapena tulutsani mkodzo. Zikapanda kusintha, thamangirani naye kuchipatala, chifukwa angathe kuchita sitiroko.

Vuto n'lakuti BP ya anthu amenewa imakhala yotsika kale, mwina 90 kapena 100. Ikafika 140, namwino wosadziwa amati ili bwinobwino, n'kumupatsa panado, chonsecho munthuyo ali pangozi. Tikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti patsamba loyamba la buku la kuchipatala la wovulala msana aliyense pazilembedwa fupa lomwe anavulala ndi BP yake ya masiku onse, ndiponso kuti alangizi a zaumoyo aziwayendera pakhomo n'kuwaona khungu.

Ogwira ntchito yothandiza olumala,
Blantyre