Musaiwale Birgit Prinz pa tsamba la zamasewero

A Mkonzi,

Ndithokoze kuti masiku ano mukulembako za mpira wamiyendo wa amayi. Koma mukamatchula akatswiri akale, bwanji dzina la Birgit Prinz wa ku Germany silimveka?

Mayi ameneyu, yemwe anabadwira ku Frankfurt mu 1977, anayamba kusewerera timu ya dziko lake mu 1994 ali ndi zaka 16 zokha. Pomwe ankapachika nsapato mu 2011 n'kuti atasewera masewero 214 ndi kumwetsa zigoli 128. Anatenga chikho cha dziko lonse kawiri, mu 2003 ndi 2007, ndipo pa ndime yomaliza ya 2007 ku Shanghai ndiye anayamba kugwedeza ukonde wa Brazil. FIFA inamusankha kukhala wosewera wopambana pa dziko lonse zaka zitatu zotsatizana, kuyambira 2003.

Chimene chimandigwira mtima ine si zikhozo ayi. Mu 2003 mwini wa timu ya abambo ya Perugia ku Italy, Luciano Gaucci, anafuna kumugula kuti azisewera ndi amuna. Prinz anakana. Ndipo anachita bwino, chifukwa mkuluyo, mmene ndikuonera ine, ankangofuna kukokera anthu ku bwalo, osati kulemekeza luso la mayiyu.

Mathero ake anali owawa ndithu. Chikho cha 2011 chinachitikira kwawo komweko, koma mphunzitsi Silvia Neid anamukhazika pa benchi, ndipo Germany inatulutsidwa ndi Japan iye akungoonerera. Atasiya mpira anakagwira ntchito ku Hoffenheim yothandiza osewera pa za maganizo, zomwe anaziphunzira kusukulu.

Tilembereni nkhani yake yonse, atsikana athu aiwerenge.

Wokonda mpira,
Zomba