Lipoti la msonkhano wa ojambula moyo wa m'misewu ku Lisbon

A wapampando, a komiti, ndi mamembala nonse a gulu lathu la ojambula zithunzi, ndakupatsani moni. Munanditumiza ku msonkhano wa ojambula moyo wa m'misewu womwe unachitikira ku Lisbon, likulu la dziko la Portugal, ndipo ndabwerako bwino. Malisiti a ndalama zomwe munasonkha ndapereka kale kwa msungichuma. Pano ndikulemba za ntchito yeniyeniyo, kuti amene sadzakhalapo pa mkumano wotsatira asamanidwe.

Okonza msonkhanowu sanatikhazike m'holo nthawi yaitali. Anatipatsa njira imodzi yokha, ya tram nambala 28, n'kutiuza kuti chilichonse chomwe tijambule chikhale cha m'njira imeneyo. Kwa amene simunaionepo, tram ndi kasitima kamagetsi koyenda pa njanji zoyalidwa mumsewu womwewo wa galimoto ndi anthu oyenda pansi. Ya nambala 28 ndi bogi imodzi yachikasu, mkati mwake mwamatabwa, mipando 20 yokha, ena onse amaimirira. Imanyamuka pa bwalo la Martim Moniz, kukwera chitunda cha Graça, kutsetsereka kudzera ku Alfama ndi pa tchalitchi chachikulu cha Sé, kudutsa ku Baixa komwe anamanganso pambuyo pa chivomerezi cha 1755, kukweranso ku Chiado, kulowera ku São Bento komwe kuli nyumba ya malamulo, kenako ku Estrela, n'kukathera ku Campo de Ourique pafupi ndi chipata cha manda a Prazeres. Mtunda wake ndi pafupifupi makilomita 7. Kampani yoyendetsa ndi Carris, yomwe inakhazikitsidwa mu 1872 mabogi akukokedwa ndi nyama, ndipo magetsi anafika mu 1901. Mabogi a njira imeneyi ndi a m'zaka za m'ma 1930, koma anawaika makina atsopano m'zaka za m'ma 1990. Sanawasunge chifukwa cha chikondi chokha ayi. Njanji zake n'zopapatiza, mamilimita 900, makhota ndi akuthwa, zitunda n'zoimirira, moti ma tram amakono aatali aja oyenda njira ya ku Belém, dera lina la mzindawu, sangadutsemo.

Vuto la njira imeneyi kwa wojambula ndi lakuti ndi yokongola mopitirira. Pa Portas do Sol, malo okwera oonerapo mzinda, ndi kutsogolo kwa Sé mumapeza anthu ataima mzere, mafoni m'mwamba, onse kudikira bogi yachikasu kuti itulukire pakhota. Chithunzi chimenecho chili kale pa makadi ogulitsa m'mashopu, pa makapu, pa malaya. Mayi amene amatsogolera gulu langa anatiuza mosapita m'mbali kuti safuna kuchionanso, ndipo anatilamula kuti tiifulatire tram, tiyang'ane anthu amene akuidikira. Mfundo imeneyi ndiyo ndabwera nayo, ndipo lipoti lonseli likuzungulira pamenepo.

Ukaifulatira bogi ija, mzinda wina umaoneka. Pa siteji ya ku Graça m'mawa pamaima agogo okhala ndi majumbo a ndiwo kuchokera kumsika. Tram ikufika yodzaza kale ndi alendo odzaona malo amene anakwera ku Martim Moniz, woyendetsa akugwedeza dzanja kuti malo mulibe, agogo aja akutsala. Ikubwera yachiwiri, chimodzimodzi. Chinthu chomwe chinapangidwira eni dera kuti chiziwakweza zitunda chasanduka choseweretsa cha alendo, ndipo nkhope ya munthu wotsala pa siteji imanena zimenezi bwino kuposa nkhani ya m'nyuzipepala. Mukatsika ku Alfama muona pa zitseko zambiri kachikwangwani kolembedwa AL, chizindikiro chakuti nyumbayo imabwerekedwa kwa alendo a masiku ochepa, ndipo pambali pake pali kabokosi ka manambala kosungiramo kiyi. Nyumba yoyandikana nayo, pa zenera pali zovala zoyanikidwa pa chingwe ndi khola la mbalame. Zitseko ziwirizo zikalowa m'chithunzi chimodzi, woona amadziwa yekha kuti lendi ikuthamangitsa ndani. Ine zinandikhudza kwambiri, chifukwa nanenso ndinali mlendo wotenga mpando wa agogo aja, ndipo kuyambira pamenepo mbali yaikulu ya njirayi ndinaiyenda wapansi.

Kuyenda pansi kunandionetsanso ntchito ya anthu. Pa Rua das Escolas Gerais msewu umapanikizika moti bogi imadutsa pafupi kwambiri ndi khoma, munthu amachita kudzipanikiza pa chitseko cha eni ake kuti ipite. Wina akaimika galimoto molowa pa njanji, chilichonse chimaima, belu likulira, anthu akusuzumira pa mazenera, mpaka mwini galimoto atuluke m'shopu akuthamanga. Ku Martim Moniz ndi mumsewu wa Benformoso muli mashopu a anthu ochokera ku Bangladesh, India, China ndi mayiko a mu Africa, ndipo m'mawa onyamula katundu amadutsa njanji ndi mangolo. Lachiwiri ndi Loweruka kuseri kwa São Vicente de Fora kumakhala msika wa zinthu zakale wa Feira da Ladra. Ku Campo de Ourique, kumapeto kwa njira, alendo amachepa, mumatsala ana asukulu ndi ogulitsa maluwa a kumanda. Zonsezi ndi njira imodzi.

Tsiku lina anatitengera ku nyumba yosungira zithunzi ya khonsolo ya mzinda, pa Rua da Palma, pafupi ndi pomwe tram imanyamukira. Kumeneko n'komwe ndinamvetsa chifukwa chake amatiumiriza pa zinthu wamba. Amasunga ntchito za anthu ngati Joshua Benoliel, yemwe anabadwa mu 1873 n'kumwalira mu 1932, mmodzi mwa oyambitsa kujambula zithunzi za nkhani ku Portugal. Iye anajambula mafumu ndi kusintha kwa boma kwa mu 1910, koma anajambulanso amayi osenza nsomba pamutu, ogulitsa m'misewu, ndi antchito akunyanyala. Lero wofufuza akafuna kudziwa momwe msewu wakutiwakuti unalili, zomwe anthu amavala, malonda omwe amachitika pakona, amathandizidwa ndi zithunzi za anthu wamba zija. Ndipo zimathandiza chifukwa zinasungidwa pamodzi ndi dzina la malo ndi chaka. Abale anga, apa ife timagwa. Zithunzi zathu zili m'mafoni ndi m'makompyuta popanda dzina, popanda tsiku, ndipo foni ikabedwa zonse zapita.

Dzina la Ricardo Rangel, wojambula wa ku Mozambique, linatchulidwa kangapo pa zokambirana, ndipo ndinasangalala kumva mnansi wathu akulemekezedwa. Anabadwira ku Lourenço Marques, komwe tsopano ndi Maputo, mu 1924, n'kumwalira mu 2009. Anajambula moyo wausiku wa mumsewu wa Araújo pafupi ndi doko nthawi ya atsamunda, ndipo pambuyo pa ufulu anaphunzitsa achinyamata ambiri kujambula ku Maputo. Otsogolera anamutchula ngati chitsanzo cha munthu amene anabwerera mumsewu umodzi kwa zaka mpaka anthu ake anasiya kumuona ngati mlendo. Tili naye pafupi chotere, koma ambiri mwa ife sitinaonepo ntchito yake.

Nkhani imene inatenthetsa msonkhano inali yopempha chilolezo. Ena amati ukapempha kaye, munthu amakonza kolala, amamwetulira mokakamiza, ndipo chomwe unachiona chija chathawa. Ena amati kujambula munthu wosauka osamufunsa, iwe n'kukalandira nacho mphotho kunja, ndi kuba. Lamulo la ku Portugal linafotokozedwa bwino. Gawo 79 la malamulo awo okhudza anthu limaletsa kuonetsa kapena kugulitsa chithunzi cha munthu popanda chilolezo chake, koma limalola ngati munthuyo wangopezeka m'chithunzi cha malo a anthu onse kapena cha zochitika poyera, bola chisamunyazitse. Gawo 199 la malamulo a milandu limati kujambula munthu iye akukana ndi mlandu. Ndiye kuti munthu akakweza dzanja kukana, kamera itsike basi.

Maganizo anga ndi awa. Mkangano wa kupempha kaye kapena kujambula kaye umakula pakati pa anthu odutsa, amene mawa sadzaonekanso pamalopo. Wobwerera tsiku ndi tsiku vutoli limamuchepera, chifukwa chilolezo amachipeza pang'onopang'ono ndi moni, ndi kugula kanthu, ndi kubweretsa chithunzi cha dzulo. Ku Mouraria, kumtunda pang'ono kwa Martim Moniz, wojambula wa ku Britain Camilla Watson anajambula okalamba a m'deralo n'kusindikiza zithunzizo pa makoma a timisewu tomwe iwo amakhala, monga ka Beco das Farinhas. Mwini nkhope amadutsa pa chithunzi chake popita kukagula buledi. Ena mwa iwo anamwalira, koma anansi awo akuwaonabe. Sindinaone m'holo iliyonse chionetsero chondigwira mtima ngati chimenecho, ndipo sichifuna zoziziritsa mpweya kapena alendo olemekezeka.

Za makamera sindichulutsa. Ambiri anali ndi lenzi imodzi, ya mamilimita 28 kapena 35, ndipo ena anagwira ntchito yabwino ndi foni. Kuwala kwabwino ndi kwa m'mamawa ndi kwa madzulo, chifukwa masana timisewu topapatiza timagawika pakati, mbali ina kuwala kothobwa m'maso, ina mdima. Mazenera a bogi amatseguka, choncho ukhoza kujambula uli mkati popanda galasi, koma chikwama chikhale kutsogolo, pakuti opisa m'matumba amaidziwa bwino njira imeneyi ndipo zikwangwani zochenjeza zili mkati momwemo.

Tsopano zomwe ndikupempha gulu. Ife tram tilibe, koma tili ndi njira ya minibasi ya Limbe kupita m'tauni ya Blantyre, kudzera mumsewu wa Masauko Chipembere. Ganizirani zomwe zili m'njira imeneyo: msika wa Limbe, Chichiri ndi bwalo la Kamuzu tsiku la mpira, Ginnery Corner, odikira odwala pa chipata cha Queens, ophunzira, Clock Tower, mpaka kumsika wa Blantyre. Pali oitanira, makondakitala ndi ndalama zopindidwa pakati pa zala, a kabaza, mavenda a chimanga chootcha, amayi a nthochi, ogulitsa mayunitsi pansi pa ambulera, anthu oyenda pansi m'mawa chifukwa mtengo wa minibasi wakwera. Timadutsamo tsiku lililonse osajambula, kenako timakwera ulendo wa ku nyanja kukajambula dzuwa likutuluka ndi bwato, chithunzi chomwe wina aliyense ali nacho kale.

Ndikupempha kuti tigawane masiteji, aliyense atenge imodzi kapena ziwiri, ndipo akhale nazo chaka chathunthu, dzinja ndi chilimwe, osasintha chifukwa chotopa. Tisanatulutse kamera tikaonane ndi atsogoleri a pa siteji ndi a mumsika, tifotokoze kuti ndife ndani, chifukwa kwathu kuno munthu wa kamera amaganiziridwa kuti watumidwa kapena akukagulitsa nkhope za anthu. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lathu limateteza chinsinsi cha munthu, ndiye wokana tisamukakamize, ana tisawajambule popanda kholo, ndipo pa chipata cha chipatala tisaonetse wodwala. Chithunzi chilichonse chilembedwe malo, tsiku ndi dzina la wojambula, ndipo chisungidwe m'malo awiri osiyana. Pa nkhani yosunga kwa nthawi yaitali, komiti ilembe kalata ku Society of Malawi, bungwe losunga mbiri ya dziko lino, ku Mandala House ndi ku National Archives ku Zomba, timve ngati angalandire ntchito yotereyi ndiponso m'njira yotani.

Chomwe chifune ndalama ndi kutsukitsa zithunzi, chifukwa ndikuumirira kuti aliyense amene nkhope yake yaoneka bwino alandire chithunzi chake m'manja, ndipo chionetsero choyamba chichitikire pa siteji pomwepo ngati khonsolo ingatilole. Msungichuma abwere ndi mitengo yotsukitsira pa mkumano wotsatira. Ine ndidzabweretsa zithunzi za ku Lisbon kuti muzidzudzule momasuka, komanso pepala la masiteji loti tilembepo mayina. Siteji ya Ginnery Corner ndaitenga kale ine, ngati a wapampando avomera.