Lipoti la maphunziro a mabuleki ndi makona ku Pietermaritzburg

A Wapampando ndi mamembala nonse, zikomo pondituma. Maphunzirowa tinachitira ku Cascades mumzinda wa Pietermaritzburg ku South Africa, malo amene kunachitikira mpikisano wa dziko lonse lapansi wa njinga zam'mapiri mu 2013. Amene anapambana pa liwiro lotsika phiri chaka chimenecho ndi Greg Minnaar, mwana wa mumzinda womwewo, yemwe anatenganso ukatswiriwu mu 2003, 2012 ndi 2021. N'chifukwa chake ngakhale tiana ta kumeneko timakhota mwaukadaulo wochititsa nsanje.

Mfundo imene aphunzitsi anakakamirapo kwambiri ndi yakuti buleki imamangidwa usanalowe pakona, njinga idakali chowongoka. Tayala likamakhota limafuna mphamvu zake zonse zogwirira dothi. Ukalipatsanso ntchito yoimitsa njinga nthawi yomweyo, limaterereka, apo ayi njinga imadzuka n'kuwongokera kutchire. Ndiye chepetsa liwiro msanga, masula zala, njinga idutse yokha. Ngati n'potsetsereka kwambiri, ungakhudzeko yakumbuyo pang'ono chabe.

Apa mpomwe ife tili ndi vuto. Tonsefe tinakula tikuuzidwa kuti ukagwira buleki yakutsogolo ugwa chamutu, ndiye timadalira yakumbuyo yokha. Komatu ukamaima, kulemera kumathamangira kutsogolo, ndipo gudumu lakutsogolo ndilo limaimitsa njinga kwenikweni. Chogwetsa munthu si bulekiyo ayi, koma kuikoka modzidzimuka thupi lili lende. Ifinyeni pang'onopang'ono, zidendene zitsike, chiuno chibwerere m'mbuyo pang'ono. Osakhala pamwamba pa tayala lakumbuyo monga ena amachitira, chifukwa kutsogolo kukapepuka chiwongolero sichimveranso. Kukhukhuza gudumu lakumbuyo kuja, kumene anyamata athu amakonda chifukwa cha fumbi, ku Cascades amakudzudzula poyera. Kumakumba njira, ndipo mvula ya ku Zomba ikapeza kamzere koteroko, pofika Febuluwale kasanduka chigwembe.

Za kukhota zenizenizo n'zachidule kunena koma zovuta kuzolowera. Maso ayang'ane kotulukira kona, osati mwala umene ukuuopa. Pakona yafulati, pedulo yakunja ikhale pansi, uiponde mwamphamvu, upendeketse njinga kuposa thupi kuti mano am'mbali mwa tayala alume dothi. Pakona yomwe anaimangira khoma la dothi, mapedulo akhale molingana, iwe ndi njinga mupendekere limodzi.

Anakambanso za zipangizo. Njinga zawo zili ndi mabuleki amadisiki aakulu, a mamilimita 200 kapena 203, oyendera mafuta, ndipo chala chimodzi chimakwana. Ambirife tili ndi mabuleki a labala ofinya limu, ofuna zala ziwiri. Kwa ine izi si chifukwa chogwera ulesi, poti nthawi yomangira buleki ndi koyang'ana maso sizigulidwa. Chokhacho n'chakuti mabuleki athu amafooka msanga akatentha kapena akanyowa, choncho potsika kuchokera ku Ku Chawe pa phiri la Zomba tizimanga n'kumasula, osati kukoka njira yonse.

Ndikupempha komiti ilole kuti Loweruka likubwerali tisapite kuphiri. Tikumane pabwalo la mpira, tindandalike mabotolo, aliyense ayeserere kuima ndi buleki yakutsogolo yokha pa udzu. A msungichuma abwere ndi yankho ngati m'thumba muli ya malabala ndi mawaya atsopano, chifukwa njinga zingapo za achinyamata zilibiretu buleki yakutsogolo.